A Lameki Nthanda ndi Mfuti Yophera Ntchefu

Anthu a kwa Kaluluma, makamaka a midzi ya kumadzulo kumene minda ya fodya imakalekezera pafupi ndi paki, akati "a Mlenje" aliyense amadziwa kuti akunena a Lameki Nthanda. Dzinali linawakanirira ngakhale atapuma pa ntchitoyo. Anali bambo wamfupi, wa mapewa otakata, woyenda mopanda mdidi, moti akazi awo, mayi Agnesi, ankadandaula kuti tsiku lina adzawaphetsa ndi mtima, poti ankangozindikira munthu waima kale kumbuyo kwawo iwo ali kalikiliki kupeta.

Kwawo kwenikweni kunali ku Santhe. Anabadwira pa esiteti ina ya fodya pamene makolo awo anali matenanti, ndipo sukulu anailekera panjira chaka chimene bambo awo anadwala chifuwa n'kulephera kuthirira nazale. Mfuti anaigwira koyamba ali mnyamata wongoyamba kumera ndevu. Nguluwe zinkatha chimanga cha pa esitetipo, ndiye kapitawo anawapatsa chifefe, mfuti ija imamwaza timipira tambiri nthawi imodzi, kuti azikalondera. Anzawo ankawombera chilichonse chogwedeza udzu. Iwo ankadikira mpaka ataona bwinobwino chimene akuloza, ndipo mbiri yoti pa esiteti ija pali mnyamata wosataya chipolopolo inakafika ku Boma. Umo ndi mmene analembedwera ntchito ya ulenje wa boma, yoteteza minda ya anthu ku zilombo.

Ntchitoyo inawayendetsa. Mvuu zikavuta m'madimba a m'mbali mwa Bua, wotumidwa anali iwo. Njovu zikatuluka m'paki n'kuyamba kupasula nkhokwe, ankamanga laifolo yaikulu ku felemu ya njinga n'kupalasa tsiku lonse. Pa ulendo wina wotere ndi pamene anafika m'mudzi wa mayi Agnesi. Mtsikana amene anawapatsa madzi akumwa, Agnesi yemweyo, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kuwafunsa ndi kamvekedwe kake ka Chitumbuka ngati mfuti yaitali choncho siigwetsa munthu wamfupi ngati iwo. Njovu zinabwerera m'paki sabata yomweyo, koma a Lameki anapitiriza kubwera mwezi ndi mwezi, ati kudzaona ngati sizinatulukenso.

Atapuma pa ntchito anakhazikika kuchikamwini komweko. Laifolo anaibweza kwa eni ake, n'kutsala ndi chifefe chawochawo chokhala ndi chiphaso, chimene chinkagona pamwamba pa kabati chitakulungidwa m'chiguduli cha oyilo. Anamanga chigafa, n'kumalima fodya wa bale ndi chimanga ngati wina aliyense. Agemu, aja olondera nyama za m'paki, ankawaitanabe apo ndi apo chilombo chikavuta, chifukwa tchire la kumeneko ankalidziwa. Sanali munthu wokonda kusimba za ulenje. Achinyamata akawafunsa kuti anapha nyama zingati, ankayankha kuti zimene anazibweza zamoyo ndiye zinali zambiri, kenako ankafunsa za mtengo wa fodya ku okushoni.

Zaka za njala sizinawasiye padera. Mbuzi zinapita, wailesi inapita, gaga anamudya. Choncho makuponi a feteleza atayamba kufika m'midzi, a Lameki anali mmodzi wa anthu amene ankayenda m'minda ya anzawo kungokasirira chimanga. Munda umene unkawakondweretsa kwambiri unali wa Esau, mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Beauty. Esau anali wolimbikira koma wa mtima wapachala, ndipo chikwatirire anali asanakololepo chimanga chomufikitsa ku dzinja lina. Mvula ikafika pakati, iye amakhala ali pa ganyu m'minda ya eni ake, wake ukumera udzu. Chaka chimenecho kuponi inamugwera. Anathira feteleza wokulitsa pa nthawi yake, wobereketsa pa nthawi yake, ndipo munda wake wa m'mphepete mwa dambo unabiriwira mpaka kuda. Ankapitako ngakhale kulibe chochita, kukangoima pamzere manja ali m'chiuno.

Chimanga chitabereka, anthu atayamba kulawa dowe, Esau anapeza mbali ina ya mundawo itathyokathyoka, mapesi ali lambalamba, zisononkho zolumidwa theka zili mbwee. Anathamangira kwa apongozi ake. A Lameki anapita, anagwada pamatope, n'kuyendetsa zala m'mapazi a chinyamacho. Anali ngati a ng'ombe, koma aakulu ndi ozama. Anakwawa pang'ono kutsata mzere, kenako anadzuka n'kunena kuti imeneyo ndi ntchefu, imene a kumpoto amati sefu, yamphongo, yokalamba, ndiponso ikukoka mwendo wakumbuyo. Ntchefu imaposa ng'ombe yapangolo kukula, koma ndi nyama yamanyazi, yosakhalitsa pamene pali fungo la anthu. Kuti imeneyi ikhazikike m'bango la m'dambo, iwo anati, ndiye kuti yalephera kubwerera kwawo. Ankaganiza kuti yakodwa mu msampha wa waya n'kuudula.

Mmawa wotsatira chimanga china chinali chitapitanso. Esau anabwera kunyumba kwa apongozi ake atanyamula chinthu chokulunga m'thumba. Chinali gogodela wobwereka, mfuti yosula ndi paipi, imene mwini wake anaithira wonga, zidutswa za misomali ndi timipira ta m'habu ya njinga. Anakhala pansi mwaulemu.

"Abambo, chaka chino adzukulu anu akanadya chakwawo. Ndizingoonerera? Ngati simundiperekeza, ndibwerekeni chifefe chanu, ndipita ndekha."

A Lameki sanamukalipire. Anatenga gogodela uja mosamala, kukamwa kwake atalozetsa kuthengo, n'kukamuimika kuseri kwa nkhokwe. Kenako anamufotokozera mkamwiniyo kuti misomali imeneyo ingathere m'chikopa, chifukwa chikopa cha pakhosi pa ntchefu yamphongo n'chochindikala ngati tayala. Chifefe nachonso ntchito yake ndi nguluwe, ndipo ikhale pafupi. Kuwombera nacho ntchefu n'kungoiwonjezera mabala, ndiye nyama ya mabala awiri ikathamangira m'minda momwe amayi akuthyola fodya, maliro ake angakhale a ndani? Komanso nyamayo inali ya boma. Munthu wogwidwa nayo chimanga chake chimakololedwa ndi ena, iye ali kundende.

"Ndipatseni lero lokha," anatero. "Ndikabwerako chimanjamanja, tidzagawana mundawo, inu uko ine uku, tizikaimba zitini mpaka chimanga chiume."

Esau ananyamuka, gogodela n'kumusiya pomwepo.

A Lameki anakwera kabaza kupita ku kampu ya agemu ya kumalire a paki, ndipo anabwerako ndi mayi wina wovala yunifolomu yobiriwira, dzina lake Evelyn Kamanga. Anali wa msinkhu wa Beauty, wamtali, wosalankhulalankhula. Asanakambe za mfuti anafuna kaye kuiona nyamayo. Anakwera pa chulu cha m'mphepete mwa dambo ndi magalasi oonera patali, n'kukhala pamenepo nthawi yaitali. Atatsika anati waya uja walowa mpaka pafupa, mwendo watupa, ntchentche zili ng'waa, nthiti zikuchita kuwerengeka. Anapereka magalasiwo kwa a Lameki kuti nawonso aone, koma iwo anakana, amvekere maso a mayiyo akwanira. Evelyn anapita pambali kukalankhula pa foni ndi akuluakulu ake. Anabwerako nkhope itagwa. Ntchefu m'pakimo zinali zitatsala zochepa, ndipo iye akanakonda kuipulumutsa, koma bala linali litapitirira. Akuluakuluwo anamulamula kuti aiwombere ipumule, ndipo anamuloleza kugwira ntchitoyo ndi a Lameki, amene dzina lawo linkadziwika ku ofesiko.

Tsiku lotsatira galimoto ya agemu inamutula Evelyn pakhomo pa a Lameki ndi mfuti ziwiri. Mayi Agnesi anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, mfutizo anazigoneka pamenepo, Esau atakhala chapatali pa njerwa. Ina inali yopepuka, yakuda, imene Evelyn ankayenda nayo polondera. Inayo inali laifolo yakale, yolemera, thabwa lake litasalala ndi manja a anthu ambiri. A Lameki anaizindikira atangoigwira. Inali ya mtundu womwe uja anaupalasira njinga zaka zonse zija. Anaikweza, anaitsitsa, anainunkhiza kukamwa, ndipo mayi Agnesi anati chikhala anthu akulandira alendo a kumpingo ndi nkhope imeneyo, bwenzi tchalitchi chikudzaza.

Za mfuti yopepukayo sanalimbane. Evelyn mwini anati zipolopolo zake n'zazing'ono, zimathamanga koma zilibe thupi, ndipo pa nyama ya fupa lalikulu choncho zikhoza kuphwanyikira paphewa osafika pamtima. Anaibweretsa chifukwa ndi imene dzanja lake linaizolowera. A Lameki anavomereza kuti kuzolowera ndi chinthu chachikulu, koma anati ntchefu siidziwa zimenezo. Onse anagwirizana kuti ntchito ndi ya laifolo.

Pa zipolopolo ndi pamene anasiyana. Evelyn anatulutsa mitundu iwiri n'kuziika pa chikhatho. Zina zinali zokutidwa ndi chitsulo mpaka kumphuno. Zinazo kumphuno kwake kunkaoneka mtovu wofewa. A Lameki anatola zolimbazo mosazengereza. Zimenezo ndi zimene anagwetsera mvuu ndi njovu, ndipo sizinawanamizepo. Zimaboola fupa lililonse n'kupitirira.

"Kupitirirako ndi kumene ndikukuopa, bambo," anatero Evelyn. "Mvuu mumaiwombera pamadzi, njovu ili ndi thupi loimitsa chipolopolo. Iyi yaonda. Cholimbachi chilowa uku n'kutulukira uko chikadali ndi mphamvu, ndiye kutsidya kwa damboli kuli zigafa, kuli anthu akusoka fodya. Chofewachi chikalowa chimatambasuka ngati bowa, mphamvu yonse imathera m'kati."

A Lameki anachitembenuza chipolopolo chofewacho pakati pa zala. M'masiku awo kutsidya kuja kunali tchire lokhalokha. Tsopano kunali mudzi, sukulu ndi mjigo. Iwo ankaganiza za nyama, mayiyu ankaganiza za zimene zili kuseri kwa nyamayo. Anabweza cholimba chija m'bokosi n'kunena kuti mayiyo wanena zoona, ndipo amene anamuphunzitsa anamuphunzitsa bwino.

Panatsala kuti wowombera akhale ndani. Evelyn anati laifolo yotero anangoigwirako ku maphunziro, ndipo kwa iye kukanakhala kupanda ulemu kuwadutsa eni ntchito ali pomwepo. A Lameki mumtima ankaifuna ntchitoyo, sanabise. Koma lamulo lawo la kale linali lakuti mfuti imene sunaiyese usapite nayo kutchire. Choncho anapita onse pa chulu chachikulu cha kuseri kwa munda wa fodya, kumene kumbuyo kwake kulibe nyumba. Esau anadula chigamba choyera ku thumba la feteleza, anachikhomera pa chulupo ndi timitengo, n'kubwerera kudzaima kumbuyo kwawo.

A Lameki anagwada bondo limodzi, anatsamiritsa mfuti pa nthambi ya mphanda, anaika tsaya pathabwa. Thupi lonse linakumbuka lokha. Maso ndi amene anakana. Kachitsulo koyang'anira ka kumphuno kwa mfuti kanaoneka tiwiri, ndipo kutsogolo kwake kunali ngati utsi wa m'balani yowotchera fodya. Chigamba choyera chija chinasungunuka n'kusakanikirana ndi chulu. Anapukuta maso ndi mkono wa malaya, anayesanso, n'kukoka kachitsulo kowombera. Mfuti inalira, mbalame zinabalalika m'mitengo, ndipo fumbi linadzuka m'mbali mwa chulu, kutali ndi chigamba. Esau anayang'ana pansi. A Lameki anati mwina mfutiyo ikukokera kumanja, n'kuikamo chipolopolo china. Ulendo uno fumbi linadzuka kumanzere.

Mayi Agnesi anali atawatsatira ndi chidebe cha madzi akumwa. Anakhala pansi pafupi ndi amuna awo n'kulankhula motsitsa mawu, koma onse anamva.

"Abambo a Beauty, mfutiyi ilibe mlandu. Fodya amene mwakhala mukusankha chaka chatha ndi chino, ine ndimabwereza mukachoka. Wofiira mumaika kwa wachikasu. Kutchalitchi buku mumalitsegula, koma mumaimba za pamtima. Ndimati mudzanena nokha."

Mawuwo anawalasa kuposa kuphonyako. Iwo ankadziwa kuti dziko layamba kuchita chifunga, koma ankadziuza kuti ndi utsi wa nyengo yotentha tchire, kapena kutopa. Sankadziwa kuti m'nyumba mwawo momwe muli munthu amene wakhala akuwakonzera ntchito mwakachetechete. Manyazi analipo, pamaso pa mkamwini ndi mlendo. Koma anaganizanso kuti zakhala bwino poti zaonekera pa chulu. Zikanaonekera m'dambo, ntchefu ili patsogolo, nkhani ikanakhala ina. Anatsegula mfuti, anaonetsetsa kuti mulibe kanthu, n'kuipereka kwa Evelyn ndi manja awiri.

"Mayi, gwadani apa. Maso ndi anu. Zotsalazo ndikuuzani."

Kuwombera koyamba kunamupweteka Evelyn. Anaigwira molekerera ngati yopepuka ija, ndipo laifolo inamubwezera paphewa mpaka anakhala pansi. Chipolopolo chinapita pamwamba. A Lameki sanaseke. Anamuuza kuti mfuti imeneyo imamenya munthu woithawa. Aikanikize paphewa ngati mwana wobereka kumsana amene sukufuna kuti agwe, atsamire kutsogolo, atulutse mpweya theka, ndipo kachitsulo akakoke pang'onopang'ono mpaka kulira kwake kumudzidzimutse mwini. Anamukonza chigongono, anamusunthira bondo. Chachiwiri chinadula m'mphepete mwa chigamba. Chachitatu Esau anathamanga kukaona, n'kubwera chigambacho chili m'manja, chala atachipisa pa bowo la pakati.

Madzulo a tsikulo a Lameki anatenga ng'ombe ya mnansi wawo kukhala chophunzitsira. Anamuonetsa Evelyn pamene mwendo wakutsogolo umakumana ndi chifuwa, n'kumuchenjeza kuti ntchefu imanamiza: linunda pamwamba ndi chikopa cholendewera pakhosi zimachititsa munthu kuganiza kuti thupi ndi lalikulu kuposa mmene lilili, ndiye ambiri amawombera pamwamba. Akwere ndi mwendo, aime pansi pa theka la thupi, kuseri pang'ono kwa phewa. Ikakhala itayang'ana kwa iye kapena itapereka mbuyo, asawombere, adikire ipereke nthiti, ngakhale dzuwa lifike paliwombo. Evelyn naye anawauza zake: kuti Esau ayambe wadutsa kutsidya kukauza anthu kuti mmawa asalowe m'minda ya m'mbali mwa dambo, ndiponso kuti alowere chakumpoto kuti kumbuyo kwa nyamayo kukhale mtunda wa chulu, osati mudzi.

Analowa m'dambo kunja kutangoyera, mame akadali pa udzu. A Lameki anali patsogolo. Za patali sankaziona, koma pansi pa mapazi awo ankawerenga bwinobwino: apa inagona, apa inadzuka movutika, apa inabudula nsonga za bango. M'thumba anali ndi kansalu ka phulusa, ndipo akayenda pang'ono ankakagwedeza kuti aone kumene mphepo ikupita. Evelyn anali pambuyo pawo ndi laifolo, Esau kumapeto atanyamula nkhwangwa ndi zingwe. Atafika pamene bango limathera, a Lameki anakweza dzanja. Onse anaima. Poyamba kunkangomveka achule. Kenako kunamveka kaphokoso ngati munthu akuthyola zala, tha, kenako tha, mosalongosoka. Ntchefu yamphongo ikamayenda miyendo yake yakutsogolo imalira choncho, ndipo a Lameki analoza ndi mlomo kumene kankachokera.

Inatuluka pang'onopang'ono, yotuwa ngati phulusa, nyanga zopotana, chitsumba chakuda pamphumi. Esau, amene masiku onsewa ankaitukwana, anangoti kukamwa yasa. Kwa a Lameki chinali chimthunzi chachikulu choyenda m'chifunga. Anagwada pambali pa Evelyn n'kumufunsa monong'ona kuti yaima bwanji. Iye anati yayang'ana kuno. Anamuuza adikire. Anadikira, a Lameki ataika dzanja pamsana pa Evelyn kuti akhazikike. Kenako nyama ija inatembenuka kufuna kubudula tsamba, n'kupereka nthiti.

Mfuti inalira kamodzi. Ntchefu inadumpha, inayenda pang'ono, n'kugwada, kenako inagona chammbali. Evelyn anaikamo chipolopolo china n'kukhalabe ataloza, monga anamuuzira, mpaka miyendo italeka kugwedera. Atafika pafupi anaona waya uja, utazimira m'mnofu wowola. Esau anauyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti sankadziwa kuti chinthu chimene chimamudyera chimanga chinkayenda ndi ululu wotero. Posenda anachipeza chipolopolo chija chitaima pansi pa chikopa cha mbali inayo, chitaphwatalala. Evelyn anachipereka kwa a Lameki kuti achikhudze.

Mwendo wowolawo anautentha. Nyanga, chikopa ndi waya zinapita ku ofesi, ndipo nyama analoleza kuti igawidwe, kuyambira mabanja amene minda yawo inawonongeka. Gogodela uja Esau anakagwirizana ndi mwini wake kuti aperekedwe kwa agemu, ndipo nkhani yake inathera pomwepo. Chimanga chimene chinatsala chinali chambiri ndithu. Chaka chimenecho Esau anamanga nkhokwe yake yoyamba, ndipo dzinja lotsatira anapalira munda wake womwe.

Asanakwere galimoto, Evelyn anawatengera pambali mayi Agnesi. Anawauza kuti agogo ake a ku Santhe anali ndi vuto lomwelo, ng'ala, ndipo madokotala a maso amene amabwera pa chipatala cha ku Boma anawachotsa. Pano amatunga okha singano. Anati akamva tsiku limene akubweranso adzatumiza uthenga. Anasungadi mawu ake. Uthenga unafika fodya atapita ku okushoni.

Munthu amene anaimapo pamaso pa njovu anachita mantha ndi kampeni ka dokotala. Anapeza zifukwa: chigafa chikufunika kufolera, nazale yayandikira, wina wa ku Chulu akuti anapita akuona pang'ono n'kubwerako osaona n'komwe. Mayi Agnesi sanatsutsane nawo. Anangochapa malaya awo a kutchalitchi, anawasita, n'kuuza Esau kuti abwere ndi njinga mmawa adzawaperekeze ku msewu. Beauty anabwera ndi mbatata yootcha ya pa ulendo. A Lameki ataona kuti m'nyumba monse mwagwirizana, anavala.

Ku chipatala anapeza mzere wa anthu a msinkhu wawo, ena otsogoleredwa ndi ndodo, ndipo anadziona kuti iwo ndiye ali bwino. Madokotala anawayamba diso lamanja, lija ankayang'anira nalo pa mfuti, n'kuwauza kuti linalo adzabwerenso. Ntchito yake sinatenge nthawi, ndipo ululu umene ankauopa sanaumve. Anagona komweko diso lili lomata. Mmawa namwino atachotsa bandeji, kuwala kunawalasa mpaka misozi. Anaphethira, anaphethiranso. Choyamba kuona chinali khoma, ndipo anadabwa kuti linali ndi ming'alu ing'onoing'ono. Kenako anatembenuka n'kuona mayi Agnesi atakhala pa benchi, chitenje cha maluwa ofiira, mpango utasendera kumbuyo. Anawayang'anitsitsa mpaka mayiwo anafunsa ngati chalakwika chilipo.

"Amake Beauty, imvi zonsezi zabwera liti?"

Mayi Agnesi anakonza mpango wawo n'kuyankha kuti zina anabwera nazo ndi fodya wobwereza uja, ndipo namwino anaseka mpaka anagwira chitseko.

Pobwerera anakwera minibasi ya ku Chatoloma. A Lameki anapempha kukhala pawindo. Galimoto itangotuluka m'tauni anayamba kuwerenga mokweza chilichonse cholembedwa m'mbali mwa msewu: dzina la golosale, chikwangwani cha sukulu, mtengo wa matumba olembedwa ndi makala pa khoma, ngakhale mawu a kumbuyo kwa lole imene inawapitirira. Mayi Agnesi anawagwira pa bondo kuti anthu akuwayang'ana. Iwo analeka kuwerengako, kenako anaona mbuzi zili pa chulu kutali uko, n'kuyamba kuuza mnyamata wa sukulu amene anakhala naye pafupi kuti yakuda ija ndi yabere.